Tomcat yadzuka koma pulogalamu ya alimi ikukana kutseguka

Angozo (Ulongwe): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto, mundithandize nzeru. Bungwe lathu la alimi kuno ku Angónia lili ndi pulogalamu yolembera mamembala komanso matumba a soya ndi kachewere amene mlimi aliyense wabweretsa. Anailemba ndi mnyamata wakwathu konkuno amene akuphunzira ku Beira. Ndi ya Java, ndipo anatitumizira fayilo imodzi ya mtundu wa WAR, phukusi la pulogalamu yonse, dzina lake alimi.war. Ine ndatenga kompyuta yakale ya mu ofesi, RAM yake 4 GB, ndaikamo Ubuntu Server 24.04, kenako `sudo apt install tomcat10 mariadb-server` kuti ndiike Tomcat, seva yoyendetsa mapulogalamu a Java, ndi MariaDB, nkhokwe ya zolemba. Ndikalemba adiresi ya makinawo ndi :8080 kumapeto, tsamba la "It works" likubwera bwinobwino. Fayilo ija ndaiika mu /var/lib/tomcat10/webapps, foda ya alimi yadzipanga yokha, koma ndikalowa /alimi ndikungolandira 404, uthenga woti tsamba silinapezeke. Pa laputopu ya mnyamatayo ikuyenda. Chikusowa n'chiyani?

Achisale (Zóbuè): Madala, yesani `chmod -R 777` pa webapps yonseyo kenako muyambitsenso. Zikakana fufutani Tomcat muikenso.

Anajere (Moatize): Ayi achimwene, asayambe n'kufufuta. Foda yadzipanga yokha, ndiye kuti Tomcat ikutha kuwerenga fayiloyo ndi kulemba pamalopo, zilolezo zilibe mlandu. Angozo, tiwonetseni zimene makinawo akunena. Lembani `sudo journalctl -u tomcat10 -n 80`, komanso musuzumire mu /var/log/tomcat10. Mizere imene ili ndi SEVERE muikopere pano. Mumufunsenso mnyamatayo kuti pa laputopu yake ali ndi Tomcat yanji.

Angozo (Ulongwe): Zikomo amayi. Nazi zimene ndapeza:

```
SEVERE ... One or more listeners failed to start
java.lang.NoClassDefFoundError: javax/servlet/ServletContextListener
```

Mnyamatayo akuti iye ali ndi Tomcat 9.

Anajere (Moatize): Basi, wapezeka. Vuto lili pa mawu amenewo, javax. Mu 2017 kampani ya Oracle inapereka Java EE ku Eclipse Foundation, chaka chotsatira dzina n'kusintha kukhala Jakarta EE. Pofika 2020, mu Jakarta EE 9, mayina onse oyamba ndi javax.servlet anasanduka jakarta.servlet. Tomcat 9 imadziwa mayina akale, Tomcat 10 imadziwa atsopano okha. Pulogalamu yanu ikuitana javax.servlet, ndipo mu Tomcat 10 mulibe woyankha ku dzina limenelo, ndiye ikufera poyambira pomwe. Inuyo mwachita mwayi kuti yalankhula. Mapulogalamu ena sanena kanthu mu log, amangopereka 404 mwakachetechete, munthu n'kutha tsiku akusaka poti palibe.

Njira zilipo. Yolongosoka ndi yoti mwini wake asinthe ma import onse akhale jakarta, asinthenso malaibulale ogwirizana nawo monga JSTL, amange WAR yatsopano. Yachangu ndi kachida kamene a Apache anapangira ntchito yomweyi, jakartaee-migration. Mumakapatsa WAR yakale, iko n'kutulutsa ina yosinthidwa mayina:

`java -jar jakartaee-migration-*-shaded.jar alimi.war alimi-watsopano.war`

Ine ndinganene kuti lero gwiritsani kachidako kuti ntchito isaime, koma mnyamatayo akonze kumene kuli gwero. Apo ayi nthawi iliyonse akatumiza zosintha muzidzayamba mwasinthanso, ndipo tsiku lina wina adzaiwala.

Achisale (Zóbuè): Nanga osangoika Tomcat 9 bwanji? Ikugwirabe ntchito, a Apache akuisamalirabe.

Anajere (Moatize): Zoona, ikusamaliridwabe. Koma akaitsitsa pamanja n'kuiika mu /opt, ndiye kuti fayilo ya systemd, imene imayambitsa ndi kuyang'anira mapulogalamu mu Linux, alembe okha, wogwiritsa wake apange okha, ndipo zigamba za chitetezo azizisaka okha. Ya apt imabwera ndi zonsezi, ndipo imasinthidwa limodzi ndi makina onse. Ku ofesi ya alimi kumene katswiri ndi munthu mmodzi, ine ndimasankha ya apt.

Abanda (Tete): Ndakhala ndikuwerenga. Zonsezi mukuvutika nazo chifukwa simukugwiritsa Docker, chida choyendetsa pulogalamu m'bokosi lakelake lokonzedwa kale. Mukanatenga image, phukusi lokonzeka kale, ya tomcat:9, kuikamo WAR, kulemba docker compose ya mizere khumi ndi iwiri pamodzi ndi MariaDB, bwenzi pano mukumwa tiyi. Makina akafa mumangonyamula fayilo imodzi kupita nayo kwina. Kuntchito kwathu ndi mmene timachitira.

Ambewe (Furancungo): Abanda, kuntchito kwanu intaneti ndi ya waya ndipo salipira ndinu. Ife kuno timagula mamega pa foni. Image iliyonse ya Tomcat pamodzi ndi Java yake ndi mamega mazanamazana, ya MariaDB chimodzimodzi, ndipo netiweki ikaduka pakati umakhala ukungoyang'ana. Chinanso, Angozo akadzapita kumaliro kwa sabata, amene adzatsale mu ofesimo adzafunika kudziwa Linux, Tomcat, kenako Docker pamwamba. Tiyeni tichepetse zoti munthu aloweze. Komanso Docker ikatsegula doko imadutsa malamulo a ufw, mpanda wotseka madoko, osakupemphani, ambiri sadziwa zimenezo, amaganiza kuti atseka pamene pali pululu.

Abanda (Tete): Za ufw ndikuvomera, n'chifukwa chake timalemba 127.0.0.1:8080:8080. Koma musaiwopseze anthu Docker, akuluakulu. Achinyamata akufuna ntchito ku Moatize ndi ku Maputo adzaifunsidwa.

Ambewe (Furancungo): Aiphunzire, sindikuletsa. Koma asaphunzirire pa mabuku a matumba a anthu.

Angozo (Ulongwe): Yatseguka! Ndasintha ndi kachida kaja, ndachotsa yakale, yatsopanoyo ndaitcha alimi.war. Tsamba lolowera labwera, ndalowa, ndalemba mlimi mmodzi woyeserera. Mulungu akudalitseni Anajere. Koma mavuto ena awiri atulukira. Loyamba, ndikafuna kuika chithunzi cha chitupa cha mlimi ikunena kuti "Read-only file system" pa foda ya /srv/alimi/zithunzi. Ndayesa 777 ya Achisale ija pa foda imeneyi, palibe chasintha. Lachiwiri, pamwamba pa tsamba pamene payenera kulembedwa Angónia pakuoneka AngÃ³nia.

Anajere (Moatize): 777 ija ibwezeni msanga, siingathandize. Tomcat ya mu Ubuntu ndi Debian imayenda motsekeredwa ndi systemd. Mu fayilo yake muli ProtectSystem=strict, kutanthauza kuti kwa Tomcat disiki yonse ndi yowerenga basi, kupatula mafoda ochepa amene anatchulidwa, monga webapps ndi wa ma log. Kaya zilolezo mutsegule motani, systemd ikanabe. Muyenera kuitchulira foda yanuyo:

```
sudo chown -R tomcat:tomcat /srv/alimi
sudo chmod -R 750 /srv/alimi
sudo systemctl edit tomcat10
```

Mukatsegukira polemba, ikani izi pamalo opanda kanthu amene akusonyezani:

```
[Service]
ReadWritePaths=/srv/alimi/
```

Sungani, kenako `sudo systemctl restart tomcat10`. Musakhudze fayilo yeniyeni ya tomcat10.service imene inabwera ndi phukusi, chifukwa apt ikadzasintha idzafufuta zanu. Ndipo mnyamatayo ndamuyamikira posankha /srv. Ena amasunga zithunzi mkati mwa webapps momwemo, tsiku loika WAR yatsopano Tomcat imachotsa foda yakale yonse, zithunzi n'kupita nayo.

Anaphiri (Tsangano): Pepani ndilowerere, ine si wa makompyuta, ndine mlembi wa gulu la alimi kuno. Nkhani ya zilembo ija musaipeputse. Anthu athu ambiri pa chitupa ali ndi mayina a Chipwitikizi, João, Conceição, Inácio, pamene kumudzi timawadziwa ndi mayina ena. Dzina likalembedwa mokhota pa risiti, mlimi amakana kusaina, amati si ine ameneyu. Ndipo amanena zoona, ndalama zake zili pamenepo.

Anajere (Moatize): Mwanena bwino achemwali. Angozo, yesani izi kuti tidziwe kumene kwadwala. Lembani mlimi woyeserera dzina lake Conceição, musunge, mumutsegulenso. Lembaninso mawu ena okhala ndi ŵ. Zikabwera bwino, ndiye kuti nkhokwe ya MariaDB ilibe vuto.

Angozo (Ulongwe): Conceição wabwera bwinobwino, ŵ nayenso ali bwino. Zokhota ndi mawu okhawo amene mnyamatayo analemberatu pa tsamba, mitu ndi mabatani.

Anajere (Moatize): Ndiye ndi mafayilo a JSP, amene masamba a pulogalamuyo analembedwamo. Iye anawasunga mu UTF-8, mmene ó amatenga mabayiti awiri. JSP ikapanda kuuzidwa, imawerengedwa ngati ISO-8859-1, mmene bayiti iliyonse ndi chilembo pachokha, ndiye ó mmodzi amasanduka Ã ndi ³. Muuzeni aike mzere uwu pamwamba pa JSP iliyonse:

`<%@ page pageEncoding="UTF-8" contentType="text/html; charset=UTF-8" %>`

Kapena aike page-encoding kamodzi kokha mu web.xml, pansi pa jsp-property-group, igwire masamba onse. Poti akukonza kale za jakarta, achitire limodzi. Inu kumbali yanu onetsetsani kuti nkhokwe yanu ndi utf8mb4, lembani `SHOW CREATE DATABASE alimi;` muone.

Achisale (Zóbuè): Ine ndaphunzirapo za systemd ija. Funso langa, anthu azilemba :8080 nthawi zonse? Bwanji osangosintha mu server.xml ikhale 80?

Abanda (Tete): Zimatheka, koma chizolowezi chabwino n'kuika kutsogolo Nginx, seva ya masamba imene imalandira obwera n'kuwapititsa kwa Tomcat. `sudo apt install nginx`, kenako mu /etc/nginx/sites-available mupange fayilo yokhala ndi izi mkati mwa server:

```
client_max_body_size 10m;
location / {
    proxy_pass http://127.0.0.1:8080;
    proxy_set_header Host $host;
    proxy_set_header X-Forwarded-For $remote_addr;
    proxy_set_header X-Forwarded-Proto $scheme;
}
```

Muilumikize ku sites-enabled, muchotse ya default, muyese ndi `sudo nginx -t` musanayambitsenso. Mzere woyambawo musausiye. Nginx payokha imalola 1 MB basi, ndipo chithunzi cha foni ya masiku ano chimaposa pamenepo, mudzangoona 413. Mukatero pitani mu /etc/tomcat10/server.xml, pa Connector ya 8080 muwonjezere address="127.0.0.1" kuti Tomcat izimva Nginx yekha. Pomaliza `sudo ufw allow OpenSSH`, `sudo ufw allow 80/tcp`, kenako `sudo ufw enable`. Yambani ndi ya SSH, mungadzitsekere kunja.

Anajere (Moatize): Ndiwonjezere chimodzi chimene anthu amagwa nacho akaika Nginx. Tsamba la manager la Tomcat limatetezedwa ndi lamulo loti lizitseguka kwa 127.0.0.1 yekha. Tsono Nginx ali pa makina omwewo, ndiye aliyense wodzera mwa iye Tomcat imamuona ngati 127.0.0.1. Chitetezo chija chatha pamenepo. Angozo, ngati simunaike tomcat10-admin, musaiike n'komwe. Kukopera WAR ndi scp kukukwanirani.

Angozo (Ulongwe): Sindinaiike. Nginx yakhala, zithunzi zikulowa. Atsikana a mu ofesi akutsegula pa makompyuta awo popanda 8080. Ndikuona ngati tamaliza.

Ambewe (Furancungo): Simunamalize, achimwene anga. Pepani ndilankhule motalika pang'ono, chifukwa apa ndi pamene pamandipweteka. Seva zambiri zimene ndaziona zitafa m'maofesi ang'onoang'ono kuno kumtunda sizinaphedwe ndi akuba a pa intaneti. Zinafa ndi magetsi, fumbi, ndi kusowa kope lina la zolemba.

Dzinja likubwera. Mphezi ikang'anima magetsi amathima, mwina kangapo tsiku limodzi. Funso ndi loti akabwera, makinawo adzuka okha kodi, inu muli ku munda ku Domue? Lowani mu BIOS, zosankha za makina zimene mumalowamo akangoyaka, mupeze pamene alemba za AC Power Loss kapena AC Recovery, musankhe Power On. Muli momwemo yang'anani tsiku ndi nthawi. Kompyuta yakale kabatire kake kozungulira kaja, CR2032, kamakhala katatha. Kakatha, magetsi akangothima BIOS imaiwala zonse zimene mwasankha, nthawi n'kubwerera zaka zammbuyo. Ndiye matumba amene mlimi wabweretsa lero adzalembedwa tsiku lolakwika. Kabatireko n'kotchipa, gulani katsopano. Lembaninso `sudo timedatectl set-timezone Africa/Maputo`, chifukwa seva zambiri zimakhala pa UTC, ife tili patsogolo ndi maola awiri.

Chachiwiri ndi adiresi. Rauta ikazima n'kuyaka ikhoza kupatsa seva adiresi ina, atsikana aja n'kumati pulogalamu yafa pamene yangosamuka. Imangeni adiresiyo mu rauta kapena mu /etc/netplan.

Chachitatu, Tomcat isadzuke MariaDB isanakonzeke. Mu fayilo yomwe ija munatsegula ndi systemctl edit, onjezani [Unit] ndi After=mariadb.service pansi pake. Onaninso `systemctl is-enabled tomcat10 mariadb nginx`, zonse zitatu ziyankhe enabled.

Mukachita zonsezi, yesani. Uzani anthu asunge ntchito zawo, muzimitse makinawo bwinobwino, muzule pulagi kukhoma, mudikire pang'ono, mubwezere, manja m'thumba. Pulogalamu ikabwera yokha pa foni yanu, pamenepo mukhoza kunena kuti seva yakhala.

Achisale (Zóbuè): Akuluakulu, nanga UPS, batire ija yogwirizira makina magetsi akathima?

Ambewe (Furancungo): Ikufunika, ndipo rauta ilowe pomwepo. Koma UPS yongolira sikwanira, batire yake ikatha makina amagwabe mwadzidzidzi. Pezani yokhala ndi chingwe cha USB, muike nut kapena apcupsd, kuti batire ikatsika makinawo azizime okha mwadongosolo. Ndalama zikavuta, laputopu yakale yokhala ndi batire yamoyo imachita bwino kuposa kompyuta yaikulu yopanda UPS.

Abanda (Tete): Inu a ku Angónia muli ndi mwayi wa kuzizira. Kuno mumzinda mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, makina ukawaika m'chipinda cha malata amadzizimitsa okha masana. N'chifukwa chake ine ndimati zonsezi zisiyeni, lipirani VPS, seva yobwereka ya pa intaneti, ku Johannesburg kapena ku Cape Town. Magetsi, kutentha, fumbi, zonse zimakhala za eni ake. Ndipo a ku Tsangano adzalowa ali kwawo.

Anaphiri (Tsangano): Apo ndiye mwandikhudza. Ife timalemba m'kope, kumapeto kwa sabata wina n'kukwera njinga yamoto kukapereka ku Ulongwe. Zikanatheka kulowa pa foni konkuno bwenzi zili bwino. Koma netiweki kuno imabwera n'kupita, pena foni imakagwira ya ku Malawi.

Angozo (Ulongwe): Zimenezo akomiti andifunsa kale. Ndimaganiza zongotsegula doko 80 pa rauta yathu kuti a kunja azilowa.

Anajere (Moatize): Musanavutike, lowani mu rauta muone adiresi ya WAN. Ngati ikuyamba ndi 10, kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, ndiye kuti muli kuseri kwa CGNAT. Intaneti ya SIM kawirikawiri imakhala choncho, adiresi imodzi yapoyera mumagawana anthu ambiri, ndipo kutsegula doko pa rauta yanu sikufikitsa aliyense kwa inu. Satifiketi ya Let's Encrypt nayonso, mwa njira yake yodziwika ija, imafuna dzina la domeni ndi doko 80 lofikirika kuchokera kunja.

Koma ngakhale zikanatheka, ine sindikanakulolani kutero lero. Walira mvula walira matope. Mu pulogalamuyo muli zithunzi za zitupa za anthu, manambala a foni, ndi ndalama zimene aliyense akuyembekezera. Yalembedwa ndi wophunzira, palibe wina waiunika, ndipo ikuyenda pa HTTP, mawu achinsinsi akuyenda osabisika. Seva ikangoonekera poyera, tsiku lomwelo makina osaka mabowo amayamba kugogoda.

Angozo (Ulongwe): WAN ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, ndiye ndi CGNAT imene mukunenayo.

Abanda (Tete): Mwaona? VPS basi.

Ambewe (Furancungo): Abanda, taganizani za tsiku logula soya. Alimi ali pamzere ndi ngolo zawo, sikelo ikugwira ntchito, intaneti yaduka. Seva ikakhala ku Johannesburg ofesi yonse yaima. Ikakhala m'chipinda chomwecho, waya wa mu ofesi ukugwirabe, risiti ikutuluka. Komanso VPS imalipiridwa mwezi ndi mwezi ndi khadi la kubanki, mu ndalama zakunja. Bungwe limene ndalama zake zimabwera pa nyengo yokolola yokha likhoza kuiwala mwezi umodzi, n'kupeza atseka.

Anajere (Moatize): Nonse muli ndi mbali yoona, ndipo pali njira yapakati. Seva ikhale ku Ulongwe monga akunenera Ambewe. Abanda atithandize ka VPS kakang'ono kwambiri, kosasunga chilichonse, kongokhala pokumanira pa WireGuard, njira yolumikizira makina mobisika kudzera pa intaneti. Seva ya mu ofesi ndi imene imaimba kupita ku VPS, ndiye CGNAT siitchinga. Foni ya Anaphiri nayo imalowa ndi kiyi yakeyake, zonse zikuyenda zobisika. Wopanda kiyi saona kanthu. Foni ikatayika mumangofufuta kiyi imodziyo. VPS ikatsekedwa, a ku Tsangano abwerera ku kope kwa masiku angapo, koma zolemba zonse zili m'manja mwanu.

Abanda (Tete): Imeneyo ndiye ndaivomera. Ndidzakuthandizani kuikonza Angozo, si ntchito yaitali.

Ambewe (Furancungo): Koma WireGuard idikire kaye, kusunga kope lina la zolemba za mu seva kuyambe. Usiku uliwonse cron, imene imayendetsa ntchito pa nthawi yoikika, iyendetse `mariadb-dump --single-transaction alimi`, zotuluka zipanikizidwe ndi gzip, dzina la fayilo likhale ndi tsiku. Mukopere pamodzi ndi /srv/alimi, /etc/tomcat10, /etc/nginx, ka fayilo ka systemd kaja ndi WAR yeniyeniyo. Zipite pa disiki ina, osati yomweyo. Lachisanu lililonse kope limodzi lizituluka mu ofesi, lizikagona kwa msungichuma, chifukwa mphezi kapena wakuba akalowa amatenga kompyuta ndi disiki yake yomwe. Ndipo kamodzi tengani kompyuta ina, muyese kubwezeretsa zonse kuchokera pa kopelo. Mmene mukuchita muzilemba sitepe iliyonse m'kope la pepala, m'Chinyanja chomveka, kuti wina adzathe kutsatira inu kulibe.

Angozo (Ulongwe): Ndabwerako. Kabatire ndasintha, kanalidi kakufa, BIOS inkasonyeza chaka cholakwika. Ndazula pulagi monga munanenera. Makina adzuka okha, Nginx yabwera, koma kwa kanthawi kochepa imapereka 502, kenako tsamba latseguka. Ndi vuto limenelo?

Anajere (Moatize): Si vuto. Nginx imadzuka msanga, Java imachedwa, makamaka pa disiki yakale yozungulira. 502 imeneyo ikutanthauza kuti Nginx wagogoda kwa Tomcat isanakonzeke. Ikamapitirira mphindi zingapo ndiye mukayang'ane mu journalctl. Poti RAM ndi 4 GB ndipo MariaDB ili momwemo, tsegulani /etc/default/tomcat10, pa JAVA_OPTS muwonjezere -Xms256m -Xmx1024m, kenako muone ndi `free -h` tsiku limene anthu akugwira ntchito kwambiri. Mukadzapeza ndalama pang'ono, SSD idzasintha makinawo kuposa china chilichonse.

Anaphiri (Tsangano): Angozo, Loweruka ndikubwera ndi makope a sabata ino. Ndidzabweretse foni yanga kuti muikemo kiyi ija?

Angozo (Ulongwe): Bweretsani achemwali, koma kiyi idikira Abanda akonze mbali yawo. Loweruka ndikuyesa kubwezeretsa kope pa laputopu ya msungichuma, ndipo ndikufuna inuyo ndi amene mudzatsatire zimene ndalemba papepala, ine ndili chete, tione ngati zikumveka. Achisale, ngati muli ndi mpata kwerani mudzaone nawo. Mnyamata wa ku Beira wati WAR ya jakarta yokonzedwa zilembo atumiza Lachinayi usiku.